Mwini Thupi Abwere Yekha

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi ndi Ababa,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ndikhulupirira inunso muli bwino. Malonje athere pomwepa, ndili ndi nkhani yofulumira. Ndalemba kalata chifukwa Amayi amati pa foni ndimalankhula ngati ndasiya mkaka pamoto.

Patha miyezi isanu chiyambireni ntchito mu labu muno, koma Ababa akuuzabe makasitomala awo kuti mwana wawo ndi dokotala. Sindine dokotala, Ababa. Ndifotokozenso komaliza. M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka, othithikana ngati anthu a lendi m'nyumba imodzi. Polimbirana malo, ena amasula timikondo tawo, tizidutswa ta mapuloteni totchedwa mapepitayidi, n'kumabaya nato anzawo. Tsono pali mabakiteriya ena amene amapezeka ochuluka pamalo pamene pamera khansa ya m'matumbo akulu. Ife tikufufuza timikondo ta amenewo. Kodi ndi timene timawathandiza kulanda malo pa chotupa? Kodi tingathandize kuti matendawa azidziwika msanga? Nanga tingawabere timikondoto n'kupangira mankhwala? Palibe akudziwa. Ine ndikufuna ndikhale woyamba kudziwa, ndipo sindidikira imvi.

Vuto ndi Apulofesa amene akutsogolera kafukufukuyu. Ndi mayi wabwino, koma amayenda ngati asenza mazira. Akuti tisanapeze anthu mazana awiri opitirira zaka makumi asanu, sitikayankhula kanthu ku msonkhano wa akatswiri wa mu Julayi. Tili ndi 163 okha.

Ndiye m'phukusili muli timabotolo titatu. Nambala 1 ndi ka Ababa, 2 ka Amayi, 3 ka Bambo aang'ono. Zaka zawo azibisira makasitomala amene amawameta, ine ndikuzidziwa. Chofunika ndi chimbudzi pang'ono, chochepa ngati nyemba imodzi. Kasupuni kali kunsi kwa chitsekerero. Madzi ali m'katimo si akumwa, ndi osungira kuti zisawonongeke pa ulendo. Musaine mapepala ovomereza, mutumize sabata ino.

Musachite manyazi. Sayansi ilibe manyazi.

Mwana wanu,
Kachangu

17 Febuluwale

Mwana wanga Kachangu,

Moni wako tamulandira, ngakhale anali wamfupi ngati mchira wa mbuzi. Ife kuno tadzuka. Kaya iwe ukudya? Nsapato zija zasiya kukuluma? Chipinda chako chili ndi windo lotseguka, kapena ukupuma mpweya wa dzulo?

Phukusi linafika Lachiwiri. Bambo ako analitsegulira mu shopu, pa tebulo lodulira nsalu, poganiza kuti ndi mabatani aja unalonjeza. Munali makasitomala awiri. Anayamba kuwerenga kalata yako mokweza, chifuwa chili patsogolo, mpaka anafika pa kasupuni. Pamenepo anasiya kuwerenga. Anapinda kalatayo kanayi, n'kuyamba kupalasa makina ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Atatseka shopu anandifunsa kuti, "Zaka zinayi ku yunivesite, kuti mwana adzapemphe makolo ake zimenezi?" Ine kuseka mpaka misozi.

Kanga ndadzaza kale, kali m'thumba la pulasitiki pamwamba pa kabati, ndipo ndikukayang'ana ndi diso limodzi. Bambo ako aang'ono ndiye asangalala ngati apambana mpikisano. Aliyense wokhala pa mpando wawo wometera wamva kale kuti iwo akulowa m'mabuku a sayansi. Ndatembenuza pepala.

Denga la shopu layambanso kudontha pakona ya asimbi. Aphunzitsi aja a njinga yofiira akufuna suti, koma anatumiza mng'ono wawo kuti adzayezedwe m'malo mwawo, ati ndi ofanana thupi. Bambo ako ukuwadziwa. Anangoloza ndi sizasi chikwangwani chija chapakhoma: MWINI THUPI ABWERE YEKHA. Munthu anabwerera nsalu ili m'khwapa. Mphaka wa aneba wabereka m'bokosi lathu la zigamba, ana anayi, ndipo aneba akuti popeza bokosi ndi lathu, anawo ndi athu.

Chinanso. Bambo ako akuonda. Buluku lakuda lija alibweza kawiri chiyambireni chaka, ndipo lamba amuboola bowo lina ndi msomali. Chakudya akungochigwiragwira. Akalowa kuchimbudzi, kasitomala amatha nyuzipepala yonse mpaka tsamba la mpira. Ndikafunsa amati ndi ukalamba. Iwe wophunzira, ukalamba umatero? Undiyankhe.

Amayi ako

25 Febuluwale

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndailandira. Tsamba loyamba ndawerengera m'basi, ndaseka mpaka anthu kutembenuka. Lachiwiri ndiwerenga ndikapeza mpata.

Koma timabotolo tili kuti? Tafika 181. Mnzanga wa pa benchi loyandikana mu labu muno wabweretsa anthu khumi ndi awiri a kwaya ya kwawo, ine atatu a m'nyumba mwanga akundikanika. Awuzeni Ababa kuti ine sinditsegula n'komwe, makina ndi amene amawerenga, ndipo makina sadziwa kuti uyu ndi bambo wa yani. Dziko likuthamanga, Amayi. Anthu akudwala pamene ife tikukambirana za manyazi.

Kachangu

6 Malichi

Mwana wathu wa sayansi,

Ndine bambo ako aang'ono, mwini lumo lotchuka mumsewu muno. Moni wochokera pansi pa mtima, ndi pansi penapo.

Landira katundu. Timabotolo tonse titatu tadzaza, tatsekedwa, mapepala asainidwa. Akulu anga anavuta, sindikubisa. Koma tinakhala pansi ngati amuna kuseri kwa shopu, tinapeza njira. Usafunse zambiri, mwana safunsa mmene akulu amalizira milandu.

Ku positi anandifunsa kuti muli chiyani m'phukusimu. Ndinati muli tsogolo la dziko. Mtsikana wa pa kauntala ananyamula ndi manja awiri.

Ukadzalandira mendulo unene kuti mabakiteriya abwino kwambiri anachokera kwa wometa. Za zaka zanga zithere mu labu momwemo. Ndevuzi sindimadaya pachabe.

Bambo aang'ono

3 Epulo

Amayi, Ababa, Bambo aang'ono,

Moni, moni, moni! Khalani pansi. Amene ali ndi lumo kapena sizasi m'manja ayambe waika pa tebulo.

Zotsatira zatuluka, ndipo mwana wanu watulukira chinthu chimene sichinalembedwepo. Mabakiteriya a m'matumbo ali ngati chidindo cha chala, aliyense ali ndi ake. Anthu a nyumba imodzi amafananako pang'ono, basi. Koma kabotolo 1 ndi kabotolo 3 n'tofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi! Mitundu yomweyo, kuchuluka komweko, ngakhale timikondo tomweto. Ababa ndi Bambo aang'ono, anthu osiyana zaka zisanu ndi chimodzi, wina wa tiyi wopanda shuga, wina wodya chilichonse chimene sichinamuthawe, koma m'mimba ndinu munthu mmodzi!

Mukumvetsa tanthauzo lake? Ngati abale amatengera mabakiteriya kumtundu chonchi, ndiye kuti tingayeze munthu mmodzi n'kudziwa za banja lonse. Mizere ya kuchipatala ifupika. Mabuku alembedwanso. Ndalemba kale masamba asanu ndi anayi, ndipo mutu wake ndausintha katatu kuti udzakwane bwino pa chikwangwani cha ku msonkhano. Mnzanga wa kwaya uja ndamuonetsa, wangoti kukamwa yasa.

Nkhani inanso yabwino: mabakiteriya aja okonda kukhala pa zotupa, mwa nonse atatu ndi ochepa kwambiri. Labu yathu siyeza matenda, koma mtima wanga wakhala pansi.

Mawa ndikawaonetsa Apulofesa. Ndikufuna ndione nkhope yawo mazira aja akamagwa.

Wanu wotchuka posachedwa,
Kachangu

5 Epulo

Ababa,

Kalatayi ndi yanu.

Apulofesa anawerenga masamba anga onse. Kenako anavula magalasi, n'kuyamba kuseka. Miyezi isanu ndi iwiri sindinawaonepo mano, dzulo ndinaona mpaka a m'mbali. Akuti, "Mwana iwe, ngakhale mapasa ogona chipinda chimodzi safanana chonchi. Awa si anthu awiri. Ndi munthu mmodzi wakhama." Anandidzudzulanso posuzumira manambala a abale anga, ati n'chifukwa chake dokotala sachita opaleshoni mayi ake. Timabotolo tonse tiwiri achotsa pa mndandanda. Masamba anga asanu ndi anayi ndikupukutira benchi.

Ndinabwerera kunyumba nditapsa mtima. Ndinatenga kalata ya Bambo aang'ono, ndinaona paja akuti "tinapeza njira". Ndinadziwa wakhama uja ndi ndani. Ndiye ndinafunafuna kalata ya Amayi kuti ndione ngati nawonso anali m'chiwembu. Inali m'thumba la chikwama momwe ndinaisiya mu Febuluwale, pamodzi ndi tikiti ya basi. Ndinawerenga tsamba lachiwiri.

Ababa, buluku kawiri? Bowo lina pa lamba? Zimenezi ndi zimene ndimawerenga tsiku lililonse m'mafaelo a odwala amene amatipatsa timabotolo tawo. Mwina si kanthu, zinthu zambiri zimaondetsa munthu. Koma labu yanga singakuuzeni, kabotolo sikangakuuzeni. Chitani izi: pitani kuchipatala Lolemba. Nenani zonse. Pemphani akuyezeni magazi ndi chimbudzi. Akanena zounika m'matumbo ndi kachubu ka kamera, musakane. Musadikire Lachiwiri.

Kachangu

14 Epulo

Kachangu mwana wanga,

Tili moyo. Ana amphaka atsegula maso. Iwenso ndamva watsegula ako, ngakhale mochedwa kuposa amphaka.

Kalata yako bambo ako anaiwerenga ataimirira, anati, "Ndabereka sajeni," n'kuiika m'chitini cha mabatani. Lolemba ladutsa ali pa makina. Akuti ali ndi masuti anayi a ukwati, chipatala chidikire.

Ine ndinapita kwa wometa. Ndinakhala pa mpando wake womwewo, ndinati sindichoka, makasitomala amete okha. Sipanathe mphindi zisanu. Zimene anandiuza alembe yekha m'munsimu, ndamubwereka cholembera ndipo ndaima pambali pake.

Mwana wathu, ndine wolakwa uja. Akulu anga anandikokera kuseri kwa shopu, anati, "Mng'ono wanga, kuyambira Novembala ndikumaona magazi. Mwanayu makina ake akaona, asiya ntchito n'kubwera kudzandilera, ndipo ntchitoyi waivutikira. Ndidzazire kanga." Ine ndinaona ngati ndikuthandiza. Mkulu wako akakupempha chinthu koyamba m'zaka makumi asanu, ungakane? Ndinadya bwino tsiku limenelo kuti zikwanire onse awiri. Pepani. Mendulo ija ndaikana ndekha.

Wamva. Tsono ndikuuze, mwana wanga. Bambo ako ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ukawakoka amalimba ngati zipi yadzimbiri. Zipi yotero sakoka, amaipaka kandulo. Walemba ngati ukulembera Apulofesa ako. Lembanso ngati mwana amene anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu. Ndipo usathamange.

Amayi ako

19 Epulo

Okondedwa Ababa,

Moni. Mwadzuka bwanji? Msana uja ukutani? Denga mwakonza, kapena asimbi akusambabe? Masuti a ukwati afika pati? Mukuona, malonje ndimawatha ndikafuna.

Kalatayi ndailemba katatu. Ziwiri zoyamba zinali za sajeni.

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kunabwera bambo wina wagalimoto yaikulu, atalemba miyezo ya bwana wake pa bokosi la machesi. Anati bwana alibe nthawi, soka basi, tilipira kawiri. Ine ndinali pansi pa tebulo, ndikutola mapini ndi maginito aja. Munakana. Atapita ndinakufunsani chifukwa chake, popeza manambala anali pomwepo. Munandiyimika pa mpando, munandizunguliza tepi, munati, "Puma." Nambala inasintha. Munati, "Imirira bwino." Inasinthanso. Ndiye munati, "Nambala ya pa pepala ndi mphekesera. Ukadula nsalu pomvera mphekesera, wolira ndi mwini thupi." Tsiku lomwelo munalemba chikwangwani chija, ine ndikugwirira chitini cha penti.

Ababa, ine ndinadula masamba asanu ndi anayi pa miyezo ya wometa. Zinandikhalira bwanji mwamva. Koma ine ndangotaya mapepala. Inu mwatumiza mng'ono wanu kuti akayezedwe m'malo mwanu, ngati aphunzitsi a njinga yofiira, ndipo nsalu imene ili pa tebulo ndi moyo wanu. Mukudziwa nokha kuti malo ong'ambika akadali aang'ono amatha ndi ulusi wa mkono umodzi.

Za ntchito yanga musade nkhawa. Sindisiya. Ndauza Apulofesa zonse, akuti tsiku limene mudzandifune ndinyamuke, benchi silithawa. Ndikulonjeza kuti sindibwera kudzakulerani ngati simukufuna. Koma mukapanda kupita, ndibwera kudzachotsa chikwangwanicho pakhoma, chifukwa mwini wake wasiya kuchimvera. Ndikudziwa pomwe mumasunga sukuludilaiva.

Sindikutchula tsiku. Tchulani ndinu.

Mwana wanu wa pansi pa tebulo

9 Meyi

Kachangu,

Ndine bambo ako. Moni. Kulemba makalata si ntchito yanga, ukhululuke mizere yokhota.

Chikwangwani usachikhudze. Ndinapita.

Masuti ndinamaliza Lachitatu, Lachinayi ndinavala buluku lobweza lija n'kupita ndi amayi ako. Wometa anatsatira osaitanidwa, ati akudziwa mbiri ya matendawa kuposa aliyense. Anandiyeza magazi, akuti ndi ochepa. Sabata yotsatira anandimwetsa madzi a mchere chidebe chathunthu, za tsiku limenelo tisakambe. Kenako kamera ija. Ndinagona, sindinamve kanthu. Dokotala ndi mtsikana wamsinkhu wako, kolala ya jekete lake inasokedwa mopotoka, koma manja ake ndi abwino.

Apeza chotupa. Anatapako kachidutswa, ayeza, ndi khansa. Ndalemba liwulo kuti uone kuti sindikuliopa kulilemba, ngakhale cholembera chinaima pang'ono. Koma anajambulanso thupi lonse, akuti sichinayende, chili malo amodzi. Adula chigawo chimenecho n'kulumikiza mbali ziwirizo. Ndinamufunsa msoko wake, anandijambulira pa pepala. Ndi msoko wabwino. Ndinamuuza asiye kansalu kokwanira m'mphepete, anaseka. Anati ndikanadikira chaka china tikanakamba nkhani ina. Amayi ako anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kolala.

Opaleshoni ndi pa 21. Ubwere. Osati kudzandilera, kudzangokhala.

M'phukusili muli kabotolo kamene unatumiza kachiwiri kudzera kwa amayi ako, ukuganiza kuti sindikudziwa. Ndadzaza ndekha, wometa ali ku shopu kwake, mboni zilipo. Akuti pambuyo pa opaleshoni anthu a lendi aja asamuka, ndiye awerengeni akadalipo. Ngati timikondo tawo tingathandize munthu wina kudziwa msanga, atengeni onse, ine ndatopa nawo.

Bambo ako

20 Juni

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Moni. Ababa, bala likuuma bwanji? Mukuyenda mpaka pakona monga ananenera dokotala, kapena mukukathera pa mpando wa Bambo aang'ono? Masiku anayi aja anandichepera. Sindidzaiwala mmene munadzukira ku opaleshoni n'kufunsa nesi kuti makatani a m'chipindamo anapinda ndani.

Tafika 203! Kabotolo kanu kali m'gulu la odwala, ndipo nambala yake sindikuidziwa, Apulofesa anaibisa. Ndiye musandifunse za anthu anu a lendi. Chimene ndinganene n'chakuti m'gulu limenelo mabakiteriya aja akuoneka ochulukirapo, ndipo tapeza timikondo tiwiri timene tikufuna kutiyesa bwino. Kodi ndi timene timathandiza chotupa, kapena tangopezeka pamalopo? Apulofesa akuti tidzadziwa pakatha zaka zitatu. Ine ndinati ziwiri. Anati zitatu. Ndinati chabwino. Amayi, lembani tsikuli pa kalendala.

Ku msonkhano andipatsa mphindi khumi zoyankhula. Si mendulo, koma ndi mphindi khumi. Ababa, jekete lija munalonjeza muli pa bedi, ndikulifuna pa 18 Julayi. Nthawi yachepa, ndiye mnzanga wa kwaya wandiyeza ndi tepi ya mu labu. Miyezo ili kuseri kwa pepalali. Likhale labuluu, matumba awiri.

Kachangu

28 Juni

Kachangu,

Moni. Bala lauma. Dokotala akuti m'mphepete monse mwa chimene anadula munali moyera, koma ndizipitabe kukaonedwa, ndipo ndizipita. Ndikudya mpaka amayi ako ayamba kudandaula. Buluku lakuda ndalimasula inchi imodzi Lolemba. Wometa naye ndinamukoka kukayezetsa, popeza akuti abale a wodwala ayenera kutero. Anamupeza alibe kanthu, ndipo akuuza msewu wonse kuti matumbo ake ayezedwa katatu chaka chino, kawiri ndi sayansi, kamodzi ndi kamera. Tembenuza pepala.

Nsalu yabuluu ndagula, ili pa tebulo. Ulusi ulipo, mabatani alipo, ngakhale aja unalonjeza sanafikebe. Miyezo ya mnzako wa kwaya ndaiona. Malinga ndi iyeyo, mkono wako wamanja ndi wautali kuposa wamanzere ndi mainchi awiri. Ndaiika m'chitini cha mabatani, pamwamba pa kalata ya sajeni.

Chikwangwani chikadali pakhoma. Unagwirira penti ndiwe.

Bambo ako

1 Julayi

Ababa,

Moni. Ndawerenga masamba onse awiri, kawiri.

Mwini thupi afika Loweruka pa basi ya m'mawa. Tepi ikhale pafupi. Ndidzaimirira bwino, ndipo mukadzati puma, ndidzapuma.

Kachangu